KODI MASEŴERA NAWO NDI MAPHUNZIRO?

Madzulo ena, mbale zitachotsedwa, mwana amene wakhoza bwino mayeso a Fomu 4 aŵauza makolo ake kuti ku koleji afuna kukaphunzira za maseŵera olimbitsa thupi. M'nyumba muti zii. Patapita kanthaŵi bambo afunsa, mau ali pansi koma mtima uli m'mwamba: "Mwanawe, kodi mbuzi ndi mtedza tagulitsa zaka zonsezi n'zoti iwe ukaphunzire kuthamangitsa chikopa? Mpira suja umauseŵera kale kudambo popanda fizi?" Mai nawo akumbutsa kuti mwana wa mnansi wao akuphunzira unamwino, ndipo wina akuphunzira zamalamulo.

Funso la bamboyu si lopanda nzeru, ndipo sitifuna kuliyankha mopeputsa. Ndalama ya sukulu ndi thukuta la banja lonse, siyenera kumwazidwa pa zinthu zachabe. Komabe akulu anati safunsa anadya phula. Tisanamkanize mwanayo, kapenanso tisanamlole, tiyenera kudziŵa zimene zimaphunzitsidwa m'maphunziro ameneŵa, ndi ntchito imene amakonzera munthu. Kuti tione bwino, tiyeni tipite kumene maphunziroŵa anazika mizu kalekale, ku koleji ina ya mu mzinda wa Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, m'dziko la Amereka. Mbiri yake itionetsa kuti oyambitsa maphunziro aŵa ankafuna kupeza aphunzitsi odziŵa kusamala matupi a anthu ena, ndipo za kutchuka ndi kuomberedwa m'manja zinali kutali ndi maganizo ao.

SUKULU YA ANTCHITO ACHIKHRISTU

Koleji imeneyi inayamba m'chaka cha 1885, ndipo woiyambitsa anali mbusa, Rev. David Allen Reed. Poyamba inkatchedwa School for Christian Workers, pakuti cholinga chake chinali kuphunzitsa anthu osadzozedwa ubusa ntchito zothandiza mpingo, monga kuyang'anira Sande sukulu ndi kuyendetsa nthambi za bungwe la anyamata achikhristu la YMCA. Lero imadziŵika ndi dzina loti Springfield College.

Masiku amenewo anyamata ambiri a ku Amereka ankachoka kuminda kupita m'mizinda kukagwira ntchito m'mafakitale, m'masitolo ndi m'maofesi. Mnyamata amene anazoloŵera khasu ndi nkhwangwa tsopano ankatandala pampando, ndipo madzulo malo omlandira anali nyumba za moŵa. A YMCA anamanga maholo a maseŵera kuti anyamataŵa apeze kopita. Koma vuto linali aphunzitsi. Ambiri mwa amene ankalembedwa ntchitoyi anali ankhonya akale, onyamula zitsulo, ndi ochita zodabwitsa m'zionetsero. Anthu otere ankatha kupidiguka m'malere ndi kuyenda chadodolido, koma sankadziŵa chochita ndi kalaliki wa chifuwa chofooka, kapena mnyamata amene mafupa ake sanakhwime. Kutha kuchita chinthu iwe mwini ndi kwina, kutha kuphunzitsa ena ndi kwinanso.

Motero mu 1887 sukuluyo inatsekula nthambi yosula aphunzitsi a maseŵera olimbitsa thupi. Mmodzi wa oyamba kuphunzitsa m'nthambiyo, amene pambuyo pake anakhala mkulu wake, anali Luther Gulick, mwana wa mmishonale wobadwira ku Honolulu, amenenso anaphunzira udokotala. Gulick ndiye anakonza chizindikiro cha ngodya zitatu chimene YMCA inadziŵika nacho, mbali zake zikuimira mzimu, nzeru ndi thupi. Mfundo yake inali yakuti munthu ndi mmodzi, sagaŵika, ndipo ukanyalanyaza mbali imodzi zinazo zimatsimphina.

Maphunziro a m'nthambiyo ankatenga zaka ziŵiri. Wophunzira ankaphunzira mapangidwe a thupi, ndiye kuti mafupa, mfundo ndi minofu, kagwiridwe ka ntchito ka mtima, mapapo ndi ziŵalo zina, ukhondo, kayezedwe ka thupi, chithandizo choyamba kwa wovulala, za maganizo a munthu, ndiponso Baibulo. Zonsezi zinkayendera limodzi ndi maola a m'holo, kumene wophunzira ankachita yekha zimene adzaphunzitse ena. Wobwera poganiza kuti adzangoseŵera ankapeza mabuku akumdikira.

MNYAMATA AMENE ANAKHUMUDWITSA ABALE AKE

Mu 1890 pa sukuluyi panafika wophunzira wina wa ku Canada, dzina lake James Naismith. Iyeyu anabadwa mu 1861 pafupi ndi tauni ya Almonte, m'chigawo cha Ontario. Makolo ake onse aŵiri anamwalira ndi matenda a tayifodi mu 1870, iye ali ndi zaka pafupifupi 9, ndipo anakulira pamunda pa amalume ake. Anasiyira sukulu panjira nakagwira ntchito yodula mitengo m'nkhalango, koma patapita zaka zingapo anabwerera m'kalasi ali wamkulu kale. Anatsiriza digiri yake pa yunivesite ya McGill mu 1887, naloŵa Presbyterian College ku Montreal kuphunzira zaubusa, ndipo anatsiriza mu 1890.

Zaka zonsezi anali katswiri pa mpira wa rugby ndi maseŵera ena. Ena mwa anzake a pa sukulu ya ubusa ankaona kuti mpira wogwetsana wotero suyenera munthu wodzaima paguwa, mwakuti ankachita kumpempherera. Koma tsiku lina akuyeserera mpirawo, mnzake wina zitamvuta anatukwana kwambiri. Atacheuka n'kuona Naismith pambali pake, anachita manyazi napepesa. Naismith anali asanamdzudzulepo munthuyo n'kale lonse. Kanthu kakang'onoko kanamtsekula maso. Anaona kuti pabwalo khalidwe la munthu limafika kwa anyamata amene sangabwere kudzakhala pansi kumvera ulaliki. Atatsiriza maphunziro a ubusa sanapite kukatenga mpingo, koma analoŵera ku Springfield kukaphunzira uphunzitsi wa maseŵera. Abale ake, amene ankayembekeza kumuona akulalikira, anakhumudwa kwambiri. Tiona tsono kuti funso la bambo uja silinayambe lero.

NTCHITO YA MASIKU 14

Pofika kumapeto kwa 1891 Naismith anali atayamba kuphunzitsa pa sukulu yomweyo. Kumeneko nyengo ya chisanu ndi yoopsa. Mabwalo amakutidwa ndi chipale chofeŵa miyezi ingapo, ndipo maseŵera onse a panja amaima. Panali kalasi ina ya amuna 18 ophunzira ulembi wa YMCA, amene lamulo linkaŵafuna kukhala m'holo ya maseŵera masiku onse a sukulu. Kuguba ndi kutambasula mikono moŵerenga kunaŵatopetsa, ndipo aphunzitsi aŵiri anali atalephera kale kuŵagwira mtima. Gulick anapereka kalasiyo kwa Naismith, namuuza kuti pa masiku 14 apeze maseŵera atsopano oyenera m'nyumba.

Poyamba Naismith anayesa kuloŵetsa m'holo maseŵera a panja, monga rugby ndi mpira wa miyendo, koma anthu ankangovulazana pa matabwa olimba apansi. Masiku atatsala pang'ono kutha anakhala pansi nayamba kuganiza monga munthu wophunzira. Anaona kuti maseŵera a mpira waung'ono amafuna ndodo kapena chomenyera, ndipo amatenga nthaŵi kuŵaphunzira. Motero anasankha mpira waukulu wogwira ndi manja. Kenaka anadzifunsa chimene chimabweretsa kuvulazana. Yankho linali lakuti munthu akamathamanga atanyamula mpira, anzake amamgwetsa kuti amuimitse. Tsono akaletsa kuthamanga ndi mpira, chifukwa chogwetserana chidzatha. Chotsala chinali golo. Golo loimirira ngati khomo limachititsa anthu kuponya mwamphamvu, ndipo otchinga amaunjikana patsogolo pake. Apa anakumbukira maseŵera a ubwana wake ogenda mwala woikidwa pamwamba pa thanthwe, mmene wopambana anali woponya mokweza kuti mwala utsike mofatsa pamalo pake. Anaganiza zoika golo m'mwamba, loyang'ana kudenga, kuti kulunjika kupambane mphamvu.

Anapempha wosamala nyumbayo mabokosi aŵiri, koma anapatsidwa madengu aŵiri otolera mapichesi. Anaŵakhomera pa khonde la m'mwamba la holoyo, limene linali mafiti 10 kuchokera pansi, ndiwo mamita 3.05, ndipo muyeso umenewo sunasinthe mpaka lero. Analemba malamulo 13, nagaŵa amuna aja 9 mbali iyi, 9 mbali inayo. Mu December 1891 maseŵera oyamba anachitika ndi mpira wa miyendo, ndipo anatha 1 kwa 0. Popeza madenguwo anali osaboola pansi, mpira ukaloŵa munthu ankayenera kukwera kukautulutsa. Umu ndimo inabadwira basketball. Mu January 1892 malamulo aja anasindikizidwa m'nyuzi ya sukuluyo, ndipo ophunzira anapita nawo kwao ndi kumaiko kumene YMCA inkaŵatuma.

Tizindikire bwino apa, makolo anzathu. Chimene chinathetsa vuto la kalasi ija sichinali mphamvu za miyendo ya Naismith, ngakhale anali nazo. Chinali kudziŵa kwake thupi la munthu, chimene chimalivulaza ndi chimene chimalikondweretsa, pamodzi ndi mtima wofuna kuti aliyense mwa amuna 18 aja apeze gawo lake.

MBEU ZINAMERA KUTALI

Wophunzira wina wa pa sukuluyi, William G. Morgan, anakagwira ntchito ku YMCA ya mu mzinda wa Holyoke, kufupi ndi Springfield. Iye anaona kuti basketball inali yolemetsa kwa abambo achikulire a zamalonda amene ankabwera m'holo yake. Mu 1895 anaŵakonzera maseŵera omenya mpira kudutsa pamwamba pa ukonde, opanda kugundana konse. Ameneŵa ndiwo volleyball. Winanso, Harry Crowe Buck, anapita ku India, kumene mu 1920 anayambitsa sukulu ya aphunzitsi a maseŵera olimbitsa thupi mu mzinda wa Madras, umene lero ukutchedwa Chennai.

Mbeu ina inafika mpaka pakhomo pathu, ndipo inadzera ku England. Kumeneko mai wina wa ku Sweden, Martina Bergman-Österberg, anali ndi koleji yophunzitsa atsikana uphunzitsi wa maseŵera olimbitsa thupi, imene anaiyambitsa ku Hampstead mu 1885 naisamutsira ku Dartford mu 1895. M'zaka za m'ma 1890 basketball inafika pa kolejiyo, ndipo atsikanawo anaisintha pang'onopang'ono. Anayamba kuiseŵerera panja, bwalo analigaŵa patatu, ndipo m'malo mwa madengu anaika mphete zachitsulo zokhala ndi kaukonde. Malamulo ake oyamba anasindikizidwa mu 1901, ndipo aphunzitsi ndiwo anaŵafalitsa m'masukulu a maiko amene ankalamulidwa ndi Britain. Umenewu ndiwo mpira wa manja umene ife timautcha ntchemberembaye. Pamene timu yathu ya Malawi Queens inagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53 pa maseŵera a Commonwealth mu 2018, dziko lonse linasangalala, koma ndi ochepa anadziŵa kuti mpirawo unabadwira ndi kuleredwa m'makoleji a aphunzitsi.

ZIMENE ZIMAPHUNZITSIDWA MASIKU ANO

M'makoleji a ku Amereka nkhani ya maseŵera ili m'magulu atatu, ndipo n'kofunika kuŵasiyanitsa, pakuti ambirife timaŵasokoneza.

Gulu loyamba ndi maphunziro afupiafupi otsekukira wophunzira aliyense, kaya akuphunzira zachuma kapena zaumisiri: kusambira, tenisi, kunyamula zitsulo, chithandizo choyamba ndi zina. Mwambo umenewu ndi wakale. Mu 1861 koleji ya Amherst inaika dokotala, Edward Hitchcock, kukhala mphunzitsi wa ukhondo ndi maseŵera olimbitsa thupi, kuti aziyang'anira umoyo wa ophunzira onse. Ngakhale sukulu yotchuka ya sayansi, Massachusetts Institute of Technology, imafuna kuti wophunzira asanalandire digiri yake yoyamba achiteko maphunziro otere, ndiponso aphunzire kusambira.

Gulu lachiŵiri ndi digiri yeniyeni ya zaka zinai, yokonzera munthu ntchito. Limeneli ndilo mwana uja akunena. Gulu lachitatu ndi matimu opikisana ndi makoleji ena, ndipo tikamba za iwo patsogolo.

Nanga m'digiri imeneyi muli zotani? Choyamba ndi sayansi ya thupi. Wophunzira amaloŵeza mafupa 206 a munthu wamkulu ndi minofu yoposa 600, kumene iliyonse yagwira ndi ntchito yake. Amaphunzira kuti mtima wa munthu wopuma umapopa malita pafupifupi 5 a magazi pa mphindi imodzi, koma munthuyo akathamanga kolimba muyesowo umachuluka kanai kapena kuposa. Amaphunzira kuti wothamanga mamita 100 amagwiritsa ntchito mphamvu yosungidwa kale m'minofu, pamene wa mtunda wautali amadalira mpweya umene mapapo ndi mtima zikutumiza, ndipo n'chifukwa chake aŵiriŵa sayeserera mofanana. Amaphunziranso kakulidwe ka ana, kuti mafupa a mwana ali ndi malo ofeŵa kumapeto kwake kumene amakulira, kotero mwana sayenera kusenzetsedwa muyeso wa zoyeserera wa munthu wamkulu. Za zakudya ndi madzi zilinso m'gawo lomweli.

Chachiŵiri ndi luso la kaphunzitsidwe. Kodi mphunzitsi wokhala ndi ana ambiri ndi mipira iŵiri yokha angatani kuti pasakhale mwana wongoima pamzere kudikira? Kodi luso lovuta angaliphwanye bwanji m'magawo ang'onoang'ono? Nanga mwana wolumala mwendo, mtsikana wamanyazi, kapena mnyamata wonenepa amene anzake amamsankha potsiriza nthaŵi zonse, angaŵapatse gawo lotani? Mphunzitsi wosaphunzira amatenga ana 11 aluso n'kusiya ena onse pansi pa mtengo. Wophunzira amadziŵa kuti kalasi yonse ndi yake. Asanalandire digiri amatumizidwa kusukulu ina kukaphunzitsa, akuluakulu ake akumuonerera.

Chachitatu ndi chitetezo ndi kayendetsedwe ka zinthu. Munthu wokomoka samthira madzi m'kamwa, pakuti angatsamwe. Mwana amene wagunda mutu nayamba chizungulire sabwereranso m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale timu ikugonja. Kukayamba ziphaliŵali ndi mabingu ana onse amachoka pabwalo, ndipo sabisala pansi pa mtengo. Zinthu zotere zimaoneka zazing'ono kufikira tsiku limene mwana wa munthu wagona pansi osayankha. Pamodzi ndi izi amaphunzira kuimbira maseŵera mwachilungamo, kukonza ndondomeko ya mipikisano, ndi kusunga bwino ndalama ndi zipangizo.

PABWALO LA LIŴIRO

Chachinai ndi maseŵera enieniwo, ndipo mwa onse, othamanga, olumpha ndi oponya ndiwo maziko. Pa kuthamanga pali liŵiro lalifupi la mamita 100, 200 ndi 400. Lapakati la mamita 800 ndi 1,500. Lalitali la mamita 5,000 ndi 10,000, kufikira marathon wa makilomita 42.195. Palinso kuthamanga kolumpha zotchinga, ndi kuthamanga kopatsirana kamtengo anthu anai. Kulumpha kuli mitundu inai: kulumpha mtunda, kulumpha katatu motsatizana, kulumpha m'mwamba, ndi kulumpha ndi ndodo yaitali. Kuponya nakonso kuli mitundu inai: nthungo, chimbale, chitsulo chobulungira, ndi chitsulo chomangirira ku waya. Chilichonse chili ndi muyeso wake. Chitsulo chobulungira cha amuna chimalemera makilogalamu 7.26, cha akazi makilogalamu 4. Nthungo ya amuna magalamu 800, ya akazi magalamu 600. Ndipo za ana zimakhala zopepukirapo monga mwa msinkhu wao.

Wophunzira safunidwa kupambana pa zonsezi, koma amafunidwa kudziŵa kuziphunzitsa ndi kuziyeza. Titenge chitsanzo cha kulemba bwalo. Bwalo lothamangira limazungulira mamita 400, ndipo njira ya wothamanga aliyense ndi yotambalala mamita 1.22. Wothamanga m'njira ya kunja amazungulira mtunda wotalikirapo kuposa wa m'kati. N'chifukwa chake pa liŵiro la mamita 400 wa m'njira yachiŵiri amayambira patsogolo pa mnzake ndi mamita oposa 7, ndipo wachitatu patsogolonso pa wachiŵiri, mpaka wotsiriza. Mphunzitsi wosadziŵa masamu ameneŵa akaimika ana onse pamzere umodzi n'kuŵalamula kuti aliyense asachoke m'njira yake, wambera wa kunja chipambano mpikisano usanayambe, ndipo ana amaphunzira kuti chilungamo kulibe. Chimodzimodzi pa nthungo, lamulo loyamba si la kagwiridwe ai, koma lakuti onse aponye, kenaka onse akatole pamodzi mphunzitsi akalamula. Lamulo limeneli lasunga miyoyo.

TIMU SI KALASI

Tsopano tifike pa gulu lachitatu lija, pakuti apa ndi pamene anyamata ndi atsikana ambiri amasokera. Matimu a makoleji a ku Amereka ndi otchuka, ndipo ena amadzaza mabwalo aakulu. Koma mbiri yao ili ndi zipsera. Mu 1905 anyamata angapo anafa ndi kuvulala pa mpira wao wogwetsana, mwakuti Pulezidenti Theodore Roosevelt anaitana atsogoleri a mpira a makoleji ena kuti akonze zinthu. M'chaka chotsatira, 1906, munakhazikitsidwa bungwe limene lero likutchedwa NCAA, loyang'anira mipikisano ya makoleji. Bungwe lomweli limanena kuti mwa oseŵera ake 100 aliwonse, amene amadzakhala oseŵera olipidwa sakwana aŵiri. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kuseŵera m'timu kumatha ndi bondo limodzi lovulala, koma zimene munthu waphunzira amakalamba nazo.

Moyo wa Naismith mwini ukuchitira umboni. Sanakhutire ndi kutchuka kwa maseŵera ake. Anapitiriza sukulu natenga digiri ya udokotala ku Denver mu 1898, ndipo chaka chomwecho anapita ku yunivesite ya Kansas kukaphunzitsa maseŵera olimbitsa thupi ndi kutsogolera mapemphero. Monga mphunzitsi wa timu ya basketball kumeneko anapambana maseŵera 55 nagonja 60. Woyambitsa maseŵerawo anagonja koposa kupambana, ndipo sizinamdetse nkhaŵa, pakuti mtima wake unali pa ophunzira. Mu 1916 anadzozedwa ubusa mu mpingo wa Presbyterian. Mu 1936 anapita ku Berlin kukaona basketball ikuseŵeredwa koyamba ngati mpikisano wa mamendulo pa Olympics, ndipo anamwalira mu 1939.

Mmodzi wa ophunzira ake a ku Kansas anali John McLendon, mnyamata wakuda amene sanaloledwe kuseŵera m'timu ya yunivesiteyo chifukwa cha tsankho la masiku amenewo. Khomo la timu linali lotseka, koma la kalasi linali lotsekula, ndipo Naismith anamlangiza ndi kumlimbikitsa. McLendon anatsiriza digiri yake mu 1936, nakhala mmodzi wa aphunzitsi a basketball olemekezeka m'dzikomo. Timu yake ya koleji ya Tennessee A&I inatenga chikho cha dziko lonse cha bungwe la NAIA zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 1957 mpaka 1959.

NANGA KWATHU KUNO?

Mwina wina anganene kuti ife timalima ndi kutunga madzi, kotero sitisoŵa wotiphunzitsa kulimbitsa thupi. Kumudzi mau aŵa ali ndi choona chake. Koma ana athu ambiri tsopano akukulira m'matauni, akutandala pampando monga anyamata aja a ku Amereka, ndipo matenda a shuga ndi othamanga magazi sakhalanso achilendo m'mabanja mwathu. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, m'malangizo ake a 2020 linati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi mphindi 60 pa tsiku, ndipo akulu mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kale mu 1978 bungwe la UNESCO linalengeza kuti maphunziro olimbitsa thupi ndi ufulu wa munthu aliyense. Koma ufulu wotero ulibe phindu popanda woŵaphunzitsa.

Pamene ndondomeko ya maphunziro a pulaimale inasinthidwa m'dziko muno kuyambira 2007, maseŵera olimbitsa thupi anaphatikizidwa ndi kuimba, kujambula ndi maluso ena m'phunziro limodzi lotchedwa Expressive Arts. Tonse tikudziŵa kuti pa sukulu zambiri nthaŵi ya maseŵera imasanduka yosesa kapena yobwereza masamu, kaŵirikaŵiri chifukwa chosoŵa munthu wodziŵa chochita nayo. Komabe njira zikutsekuka. Yunivesite ya Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014, inakhazikitsa digiri ya sayansi ya maseŵera.

Sitinena kuti mwana aliyense wokonda mpira atumizidwe ku maphunziro aŵa. Ntchito zake n'zoŵerengeka poyerekeza ndi za unamwino kapena uphunzitsi wa masamu, ndipo n'chanzeru kuti wosankha njirayi akhalenso ndi phunziro lina loti angaphunzitse, monga sayansi ya zamoyo. Palinso nkhaŵa zoona za mipikisano yoikidwa pa tsiku la Sabata, ndi mayesero amene amatsata kutchuka. Zimenezi banja lizikambe poyera mwana asananyamuke.

Tsono kwa inu anyamata ndi atsikana, dzifunseni mafunso atatu. Kodi ndimakhoza sayansi ndi masamu, kapena ndikungothaŵa mabuku? Kodi ndimakondwa mwana wosadziŵa akaphunzira kanthu m'manja mwanga, kapena ndimakondwa pokhapo anthu akamaimba dzina langa? Kodi bondo langa litavulala maŵa, ndingakondebe ntchito imeneyi? Ngati mayankho anu akuloza ku timu yokha, seŵerani mpira wanu madzulo, koma phunzirani zina. Ngati akuloza ku kalasi, pitani kwa makolo anu ndi mndandanda wa maphunzirowo m'manja, muŵaonetse mwaulemu.

Ndipo kwa inu makolo, musafulumire kutseka khomo. Pemphani mndandandawo, muuŵerenge pamodzi ndi mwanayo. Funsani ngati kolejiyo ndi yovomerezeka ndi boma, ngati muli sayansi ya thupi, chithandizo choyamba ndi nthaŵi yokaphunzitsa kusukulu, ndiponso kumene anzake otsiriza kale akugwira ntchito. Mukapeza kuti zonsezi zilimo, dziŵani kuti mbuzi zija sizinapite pachabe. Tsiku lina pabwalo la sukulu ina mwana adzagwa osadzuka, anthu onse atazungulira osadziŵa chochita, ndipo amene adzagwada pambali pake, manja osanjenjemera, mwina adzakhala mwana wanu uja.